Mbale yolimba imadziwika m'beseni lotsukira

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana mumsika wa Ndirande, phokoso la m'malo odyera silichokera kwa makasitomala okha. Kuseri, pomwe pali beseni la madzi a sopo, mbale zimagundana kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Mbale imodzi imapita patebulo ili ndi nyemba, kubwerera m'beseni, n'kupitanso ili ndi nkhuku yalokolo, otsuka akuthamanga poti wina wadikira kale. Ndi momwemonso ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri. M'besenimo ndi momwe phindu la eni malesitilanti ambiri limathera osazindikira.

Kwa zaka zambiri malo odyera a m'makwalala adalira mbale za pulasitiki ndi mabakuli achitsulo. Pulasitiki sichedwa kukandika, ndipo m'mikandomo mumakhalira mafuta ndi fungo la usipa lomwe sopo salichotsa. Bakuli nalo utoto ukangobenthuka, dzimbiri limayamba. Palinso mbale za melamine, zopepuka ndi zooneka bwino, koma sizinapangidwire chakudya chowira kumene, ndipo siziyenera kulowa mu microwave. N'chifukwa chake amene akufuna kukweza malo ake amathamangira mbale zadothi zoyera. Wachita bwino, koma vuto n'lakuti zadothi sizifanana, ngakhale zonse zimanyezimira pashelefu.

Kusiyana kwake kumayambira pamoto. Mbale zotchipa zambiri zimawotchedwa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,000 mpaka 1,150. Mkati mwake mumatsala timabowo tosaoneka, choncho zimamwa madzi ndipo zimabenthuka msanga. Porcelain weniweni amaumbidwa ndi dothi loyera la kaolin n'kuwotchedwa pa madigiri 1,200 mpaka 1,400, mpaka dothilo kugwirana ngati galasi. Luso limeneli linayambira ku China, komwe mzinda wa Jingdezhen unatchuka nalo, ndipo azungu analivutikira zaka zambiri mpaka fakitale ya Meissen ku Germany itatsegulidwa mu 1710. Pakati pa mitundu iwiriyi pali stoneware, yolemera ndi yolimba, yomwe ndiyo imatchuka ku Dedza Pottery kuyambira 1987. Dothi labwino kwathu kuno liliko, ku Linthipe m'boma la Dedza lomwelo, ndipo zimandipweteka kuti mbale zambiri zomwe timadyera mu Blantyre zimachita kuwoloka nyanja.

Wogula ku Limbe kapena m'mashopu a m'tauni sangafunse za madigiri, koma manja ndi makutu ake angamuuze zambiri. Mbale aiike pachikhatho n'kuigogoda pang'ono ndi chala kapena supuni. Yopsa bwino imalira mokweza ndipo kulirako kumatenga kanthawi. Yosapsa kapena yokhala ndi mng'alu wobisika imangoti phu. Kenako aitembenuze. Kunsi, pamene mbale imakhalira, nthawi zambiri sikupakidwa zonyezimira zija, ndipo dontho la madzi likagwera pamenepo limaulula zonse: likangolowa, mbaleyo idzamwanso msuzi.

Koma chomwe ndingamuumirize mwini lesitilanti aliyense kuti ayang'ane ndi mlomo wa mbale. Mbale zambiri sizifa chifukwa chogwa pansi. Zimayamba kubenthuka m'mphepete zikamagundana posanja ndi potsuka. Mlomo wopyapyala, wokongola paukwati, sutha mwezi pamalo ogulitsa nsima. Wofunika ndi wonenepa, wozungulira bwino, woti chala chikayenda pamenepo chisamve kuthwa. Atengenso mbale zisanu kapena zisanu ndi imodzi azisanjikize pompo m'shopumo. Zikamagwedera kapena kukanirirana, adziwe kuti kukhitchini, komwe malo ndi ochepa ndipo aliyense ali pachangu, zidzatha imodziimodzi. Ya ndiwo ikhale yakuya ndithu kuti msuzi usatayike woperekera akamadutsa pakati pa mabenchi.

Za maluwa ndi mizere yagolide, ndibwino kuzisiya. Zokongoletsa zopakidwa pamwamba zimafufuta ndi kukwecha kwa tsiku ndi tsiku, ndipo utoto wina wa mbale zosadziwika kochokera umakhala ndi mtovu, womwe umasungunukira m'zakudya zowawasa monga msuzi wa tomato. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Mbale yoyera yopanda chilichonse ilinso ndi ubwino wina: ikasweka, inzake yofanana nayo sivuta kupeza.

Nkhani ya mng'alu si ya maonekedwe chabe. Anthu a mu Blantyre sanaiwale kolera yomwe inayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mumzindawu kuchedwa kutsegulidwa mu January 2023. M'madera momwe mipopi imauma masiku angapo, madzi otsukira amagulidwa pa ndowa ndipo sasinthidwa pafupipafupi. Mbale yosalala imayera ndi madzi ochepa, pomwe yong'aluka kapena yokhala ndi timizere tosweka pamwamba imasunga zotsalira pomwe siponji safika. Yotere iyenera kuchoka patebulo, ngakhale mtima ukuwawa.

Ndipo umawawadi, poti mitengo yakwera. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja anakwera nayo. Mayi wophika nsima ku Bangwe akaona mbale ziwiri zofanana maonekedwe, kusankha yotchipa si kupusa. Mpamba wake ndi wochepa. Komabe akawerengera kuti yotchipayo aigula kangati pa chaka, masamu amatembenuka. Njira yomwe ingamuthandize ndi kugula zochepa zabwino, mwina khumi poyamba, za mtundu umodzi, n'kumawonjezera mwezi ndi mwezi.

Zotsalazo zili m'manja mwa otsuka. Mbale yomwe yangochoka ndi ndiwo zotentha isaponyedwe m'madzi ozizira, poti kusintha kwadzidzidzi kumaing'alula. Mchenga ndi phulusa zisiyidwire mapoto. Zadothi zitsukidwe m'beseni lapulasitiki, padera ndi masupuni ndi mipeni, ndipo zisasanjidwe pa simenti kapena kuunjikidwa mulu wautali woti wonyamula asaone kutsogolo.