Dilamu la buleki silifuna ukali

Tsiku la msika likafika kwa Lizulu, kwa Jenda kapena ku Mitundu, pikiyapu yakale ndiyo mfumu ya msewu. Imasenza matumba a kachewere, madengu a tomato ndi njinga, pamwamba pa zonsezo n'kukhalanso anthu. Ikafika pamtsetse ngati wa Khwekhwerere kapena Chiweta, miyoyo yonseyi imadalira mabuleki.

Koma eni matola ambiri amangosamala mabuleki akutsogolo. Akumbuyo, omwe pa galimoto monga Toyota Hilux ndi Isuzu KB amabisala m'chitsulo chonga mphika chotchedwa dilamu, amatha zaka osaonedwa. Chonsecho galimoto ikalemedwa, ntchito yawo imakula, ndipo handibuleki imagwiranso pomwepo.

Chomwe chimagwetsa anthu ulesi n'chakuti dilamu lokhalitsa limakana kutuluka. Zifukwa zake n'ziwiri. Choyamba ndi dzimbiri, lomwe limamata dilamulo pakati pomwe lakhudzana ndi habu, makamaka galimoto ikamadutsa m'matope nthawi yadzinja. Chachiwiri ndi mashuzi, tizitsulo tiwiri tokhota timene timakhula dilamu mkati dalaivala akaponda buleki. Pakapita nthawi timakumba ngalande n'kusiya kamlomo m'mphepete, ndiye pokoka dilamu timakola pakamlomoko.

Apa ndi pomwe ena amathamangira hamala yaikulu. Kufulumira sikufika. Dilamu ndi chitsulo chosachedwa kung'aluka, ndipo kulikanula ndi chitsulo cha matayala kumapinda mbale yakumbuyo yomwe imagwira mashuzi.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba waimika galimoto pamalo osatsetsereka, n'kupinga matayala akutsogolo ndi miyala kapena mitengo. Akaikweza, amaikhazika pa masitandi achitsulo. Jeke payekha si wodalirika, njerwa nazo zimaphwanyika mosachenjeza. Kenaka amamasula handibuleki, poti ikakhala yokoka mashuzi amakanirira dilamu.

Akachotsa tayala, amathira mafuta osungunula dzimbiri pakati paja ndi kudikira, kenaka n'kumagogoda pang'onopang'ono pakati pa mabauti a tayala, osati m'mphepete.

Madilamu ambiri a Toyota ali ndi timabowo tiwiri ta mazinga. Mukalowetsamo mabauti a mamilimita 8 ndi kumawamanga mosinthanasinthana, dilamu limadzikankha lokha. Likasuntha pang'ono kenaka n'kulimba, lekani msanga: mashuzi akola. Kukakamiza kumadula timasipuling'i towagwira. Mankhwala ake ali kuseri kwa mbale ija, komwe kuli kabowo kotsekedwa ndi labala. Ndi sikuludiraiva mumakankha kachitsulo kotchinga, ndipo ndi ina mumabweza kagudumu ka mano mpaka mashuzi atafupika.

Pa galimoto zina zolemera kwambiri, dilamu limamangidwa kuseri kwa habu. Pamenepo palibe kuchitira mwina koma kusolola shafuti, kumasula manati a mabering'i ndi kutulutsa zonse pamodzi. Ndi katundu wolemera, wofuna anthu awiri.

Dilamu likatuluka, chenjerani ndi fumbi lakuda lomwe lili mkatimo. Mashuzi akale, ngakhalenso ena otchipa, amakhala ndi asibesitosi, yemwe bungwe la World Health Organization limati amayambitsa khansa ya m'mapapo. Matendawa amatha kudzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Musauzire ndi pakamwa kapena pampu. Nyowetsani ndi kupukuta ndi sanza, ndipo ana asayandikire.

Tsopano mwini galimoto ayang'ane ndi maso ake. Ngati mkati muli monyowa, ndiye kuti mafuta a buleki kapena oyilo wa difu akudontha, ndipo mashuzi onyowa sagwira. Padilamu pamalembedwa muyeso womaliza wa kukula kwa mkati mwake. Likadyeka kupyola pamenepo, ntchito yake yatha. Mashuzi amasinthidwa mbali zonse ziwiri kuti galimoto isamakokere kumodzi, koma ndi bwino kumasula mbali imodzi kaye kuti inayo ikhale chitsanzo pobwezera.

Ntchitoyi ikhoza kudya theka la tsiku, ndipo kwa mwini matola ndi ndalama yotayika. Komabe amayi okwera pamwamba pa matumba aja sadziwa zomwe zili m'dilamu. Amangokhulupirira kuti wina anatsegula n'kuona.