Dokotala Akasiya Jakisoni N'kugwira Cholembera

Kodi munayamba mwadzifunsapo kuti uthenga wa zaumoyo umene mumaumva pa wailesi kapena kuuwerenga pa khoma la chipatala umachokera kuti? Uthenga wambiri umayambira m'magazini a madokotala, mmene akatswiri amalembamo zotsatira za kafukufuku wawo. Koma nkhani isanasindikizidwe imadutsa kaye m'manja mwa mkonzi, ndipo akonzi ambiri a magazini otere ndi madokotala amene anasiya kuyeza odwala.

Zimenezi sizinayambe lero. Magazini ya The Lancet ya ku London inayambitsidwa m'chaka cha 1823 ndi Thomas Wakley, dokotala wochita maopaleshoni. Richard Horton anaphunzira udokotala, nalowa ntchito ku magaziniyi mu 1990, ndipo mu 1995 anakhala mkonzi wamkulu. Mayi Fiona Godlee nawonso anachoka m'chipatala n'kulowa ku magazini ya BMJ mu 1990. Iwo anali mayi woyamba kukhala mkonzi wamkulu kumeneko, kuyambira 2005 mpaka 2021.

Mwina mukufunsa kuti: madokotala ndi ochepa kale, nanga wina athawirenji odwala kukakhala pa mpando? Tiyeni tione ntchito yake.

Nkhani ikafika, mkonzi amaiwerenga modekha. Amaona ngati anthu amene anayezedwa anali okwanira, ngati anavomera okha kulowa m'kafukufuku, ndiponso amene analipira ndalama za kafukufukuyo, poti kampani yogulitsa mankhwala ingafune kuti mankhwala ake atamandidwe. Kenako amatumiza nkhaniyo kwa akatswiri ena kuti aipime. Nkhani zambiri zimakanidwa, zina zimabwezedwa kwa eni ake kuti akakonze. Apa m'pamene luso la m'chipatala limathandiza. Munthu amene anasamalapo mwana wodwala malungo amadziwa kuti nambala imodzi yolakwika pa mulingo wa mankhwala ikhoza kupha.

Mkonzi akaphonya, zotsatira zake zimafika kutali. M'chaka cha 1998, The Lancet inasindikiza nkhani ya Andrew Wakefield ndi anzake, yonena za ana 12 okha. Nkhaniyo inachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa vuto la autism, limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anzake. Makolo ambiri ku Britain anachita mantha n'kusiya kubayitsa ana awo, ndipo chikuku chinabukanso. Akatswiri ena atafufuza ana zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana sanapeze kugwirizana kulikonse. Mu 2010 The Lancet inalengeza kuti yaichotsa nkhaniyo, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala. Mu 2011 BMJ, motsogozedwa ndi mayi Godlee, inasindikiza zimene mtolankhani Brian Deer anafukula, n'kunena poyera kuti kafukufukuyo anali wachinyengo. Taonani: kuchokera 1998 mpaka 2010 ndi zaka 12, bodza likuyenda ndi chidindo cha magazini yotchuka. Mpaka lero mphekesera yake sinatheretu.

Kusintha ntchito kumeneku si kophweka. Dokotala anazolowera kuona wodwala akuchira n'kubwerera kwawo akuthokoza. Mkonzi saona nkhope za anthu amene wawathandiza. Ayeneranso kuphunzira zatsopano: kuwerenga ziwerengero, kudula mawu osafunika, ndi kukana nkhani ngakhale mwini wake ali mphunzitsi wake wakale. Ambiri amayamba pang'onopang'ono, kupima nkhani za anzawo akadali m'chipatala, ndipo ena amagwira ntchito ziwirizi pamodzi.

Nanga ife kuno zikutikhudza bwanji? Malangizo a Unduna wa Zaumoyo, MISAU, amafika m'Chipwitikizi, ndipo kuti amveke kumudzi pafunika wina awaike m'chilankhulo chathu mosapotoza. Inu anamwino ndi azaumoyo amene muli ndi luso lolemba, musalinyoze. Kukonza kapepala kamodzi kophunzitsa amayi n'kuthandiza anthu ambiri amene simudzakumana nawo.

Ndipo inu makolo, mukamva nkhani yoopsa ya katemera pa WhatsApp kapena pamsika, funsani kaye: walemba ndani, ndipo waipima ndani? Pitani nayo kwa anamwino akufotokozereni. Musaiwale kuti katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9, ndipo wachiwiri pa miyezi 18. Onani khadi la mwana wanu lero.