Galu Womvera Pakati pa Nkhuku

Pa ziweto zonse zimene mlimi amasunga, galu ndi amene timamuyembekezera zambiri pamene timamuphunzitsa zochepa. Ng'ombe timaizoloweretsa goli kwa milungu ingapo tisanaipatse pulawo, koma galu timangomubweretsa pakhomo ali kamwana, n'kumamuponyera makombo a nsima, kenako n'kumayembekezera kuti adziwa yekha kusiyanitsa wakuba ndi mlendo, pusi ndi mwana wa mbuzi. Akagwira nkhuku ya mnansi, mlandu umakafika kwa amfumu, mwini galu amalipira, ndipo galuyo amathera pa tcheni kapena amaphedwa kumene. Pakhomo pamatayika mlonda, ndipo pakati pa anansi pamatsala chidani.

Ambiri mwa inu amene munatsiriza maphunziro pano munayamba ndi nkhuku ndi mbuzi, popeza ndizo zimabweza ndalama msanga. Ziweto zomwezo ndi zimene galu wosaphunzira amawononga. N'chifukwa chake taona kuti tikambeko za kuphunzitsa galu wamng'ono kuika maganizo pa mbuye wake ngakhale pozungulira pali zambiri zomukopa. Amene alifikitsa patali luso limeneli ndi anthu a masewera a agalu otchedwa agility.

Masewera amene anayambira ku London

Masewerawa anatchuka kuyambira mu 1978 pa chionetsero chachikulu cha agalu cha Crufts, mumzinda wa London. John Varley, mmodzi wa okonza chionetserocho, ankafuna chosangalatsa anthu pa nthawi imene bwalo linali lopanda kanthu, ndipo anapempha thandizo kwa Peter Meanwell, katswiri wophunzitsa agalu. Iwo anatengera chitsanzo cha mpikisano wa akavalo olumpha zopinga. Oonerera anakondwa nazo kwambiri, moti mu 1980 bungwe la Kennel Club la ku Britain linavomereza kuti akhale masewera a mpikisano okhala ndi malamulo ake.

M'bwalo mumaikidwa zopinga pafupifupi 20. Pali mipiringidzo yolumpha, tayala lopachika, mphako yaitali yoti galu adutsemo, thabwa limene limapendekeka galu akafika pakati pake, ndi timitengo 12 toimikidwa pamzere, totalikirana masentimita 60, timene galu amadutsa mokhotakhota. Galu amathamanga wopanda chingwe. Mwini wake saloledwa kumukhudza kapena kumupatsa chakudya m'bwalomo. Chimene ali nacho ndi mawu, manja ndi kayendedwe ka thupi lake basi. Kunja kwa bwalo kuli khamu la anthu, phokoso la zokuzira mawu ndi agalu ena ouwa. Galu akangotembenuza mutu pang'ono, waphonya chopinga.

Mtundu umene umapambana kawirikawiri ndi Border Collie, galu woweta nkhosa wa kumalire a Scotland ndi England. Ngwazi ya masewerawa inachokera kubusa, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudzira alimife. Agalu athu a m'midzi ndi opepuka thupi, opirira kutentha, ndipo amaphunzira bwino akapeza wowaphunzitsa. Njira imene imachititsa galu kusasamala phokoso la bwalo ndi yomweyo imene ingamuchititse kusasamala anapiye.

Chimene chimasokoneza galu

M'mphuno mwa galu muli timaselo tomva fungo toposa 100 miliyoni, pamene munthu ali nato pafupifupi 6 miliyoni. Bwalo limene kwa ife ndi dothi chabe, kwa iye likumuuza pamene padutsa mbewa ndi pamene nkhuku yaikira. Komanso chinthu chothawa chimadzutsa chibadwa chake chosaka. Nkhuku yoima saisamala kwenikweni, koma ikangokupiza mapiko n'kuthamanga, galu wanyamuka kale. Kuthamangitsako pakokha n'kokoma kwa iye, ngakhale asagwire kanthu, ndipo tsiku lililonse limene wathamangitsa, khalidwelo limazika mizu. Choncho lamulo loyamba n'lakuti galu wamng'ono asapatsidwe mpata wothamangitsa chiweto. Pamene simukumuyang'anira, akhale m'kampanda kake kokhala ndi mthunzi ndi madzi.

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza khalidwe la agalu kwa zaka zambiri ku Jackson Laboratory m'dera la Maine ku America, anasonyeza m'buku lawo la mu 1965 kuti pakati pa milungu 3 ndi 12 chibadwire ndi pamene kamwana ka galu kamazolowera mosavuta zinthu zimene kadzakhala nazo moyo wonse. Popeza kagalu kamachotsedwa kwa make pa milungu 8, mlimi amatsala ndi mwezi umodzi woti augwiritse ntchito bwino. M'mwezi umenewo kaone nkhuku, mbuzi, ng'ombe, ngolo, ana ndi njinga yamoto, kali m'manja mwanu kapena pa chingwe, popanda chokaopseza.

Maziko a phunziro

Pofunika poyamba ndi mphotho. Dulani tizidutswa tating'ono ngati nyemba imodzi ta chiwindi chophika, dzira lophika kapena kapenta wotsukidwa mchere. Mafupa ophika a nkhuku musamupatse chifukwa amasweka n'kulasa m'matumbo, ndipo ndiwo za anyezi wambiri zimawononga magazi ake. Phunzitsani galu asanadye, ndipo mphothozo muziziwerengera pa chakudya chake cha tsikulo.

Chachiwiri ndi liwu lovomereza. Sankhani liwu limodzi lalifupi, monga "Eya!", ndipo mulinene pa nthawi yeniyeniyo imene galu wachita choyenera, chakudya chitsatire pomwepo. Galu amalumikiza mphotho ndi chimene akuchita pa nthawiyo. Mukachedwa masekondi angapo, ndiye kuti mwamulipira chifukwa cha chinthu china.

Chachitatu ndi kutalika kwa phunziro. Mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'zokwanira. Zikhale m'mawa kapena madzulo, makamaka mu Okutobala, chifukwa galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu.

Phunziro loyamba ndi dzina. Muitaneni kamodzi kokha, akakuyang'anani kumaso nenani "Eya!" n'kumupatsa mphotho. Dzina lotchulidwa kasanu galu asanatembenuke limasanduka phokoso wamba. Musamuitane konse kuti mumukwapule, pakuti galu woitanidwira chikwapu amaphunzira kuthawa dzina lake. Kenako muphunzitseni kukhudza chikhatho chanu ndi mphuno. Akadziwa zimenezi, dzanja lanu lidzatha kumutsogolera pa zopinga ndi kutembenuza mutu wake kuchoka kumene kuli nkhuku. Pambuyo pake pabwere "Khala" ndi "Bwera". Pophunzitsa "Leka", fumbatani kapenta n'kumulola anunkhize ndi kukanda. Akangobweza mutu, vomerezani, ndipo mphotho ichokere ku dzanja linalo. Apo waphunzira kuti kusiya chinthu kumabala chinthu chabwino. Onse a pabanja agwirizane mawu amodzimodzi, kufikira ana omwe.

Kuonjezera zosokoneza pang'onopang'ono

Galu sadziwa kuti "Khala" wa m'nyumba ndi yemweyo wa kudimba. Malo alionse atsopano amafuna kuti phunziro libwerezedwe kuyambira pophweka. Ophunzitsa agalu amatchula zinthu zitatu zimene zimalimbitsa phunziro: mtunda umene uli pakati pa inu ndi galu, nthawi imene akuyenera kupirira, ndi kukula kwa chomusokoneza. Muzionjezera chimodzi chokha, zinazo mukuzichepetsa.

Yambirani m'nyumba, kenako pakhonde. Mukafika pabwalo, mangani galu pa chingwe cha mamita 5 mpaka 10, nkhuku zili m'khola, inu mutaima patali mamita 20. Akayang'ana nkhuku n'kubweza maso kwa inu, vomerezani msanga, pakuti chimenecho ndicho mukufuna. Masiku otsatira sendererani pa mamita 10, kenako 5. Pambuyo pake tsegulani nkhuku zizidya gaga phee, inu mutabwereranso patali. Nkhuku zothamanga, ana osewera mpira ndi mbuzi zotuluka m'khola m'mawa zikhale zotsiriza.

Muyezo umene timalangiza ndi uwu: akachita bwino kanayi pa kasanu, onjezerani pang'ono, akalephera kawiri motsatizana, bwererani pamene anali kukhoza. Thupi lake lidzakuuzani ngati mwayandikira kwambiri. Amaumitsa thupi, amatseka pakamwa, makutu amaloza kutsogolo, ndipo amakana chakudya chimene amachikonda. Galu amene wafika pamenepo sakumvanso. Kukalipa sikuthandiza, chofunika ndi kusuntha naye mpaka ayambenso kudya.

Mphotho si chakudya chokha. David Premack, katswiri wa za khalidwe wa ku America, anasonyeza mu 1959 kuti chinthu chimene cholengedwa chimakonda kuchita chingakhale malipiro a chinthu chimene sichichikonda kwenikweni. Ngati galu akufuna kukanunkhiza pachulu, akhale pansi kaye n'kukuyang'anani, ndiyeno mumuuze kuti "Pita." Chimene chikanamusokoneza chasanduka malipiro ake, ndipo simunataye ngakhale kapenta mmodzi.

Zopinga za pakhomo ndi mafupa a galu

Zipangizo zonse zilipo kale pafamu. Tayala lakale, mgolo wochotsedwa mbali zonse ziwiri, thabwa, njerwa ndi nsungwi n'zokwanira. Mgolo usakhale umene munali mankhwala, ndipo m'mphepete mwake mupindidwe kuti musacheke. Nsungwi yolumpha ingosanjikidwa pa njerwa osakhomera, kuti igwe galu akaigunda.

Kumapeto kwa mafupa aatali a galu wamng'ono kuli mbali zofewa zimene fupa limakulira. Mbalizi zimalimba akamakwana chaka, ndipo kwa agalu akuluakulu zimatha kufika miyezi 18. Zikavulala, mwendo ungakule wopindika. Kennel Club salola galu wosakwana miyezi 18 kulowa mpikisano wa agility. Choncho chaka chisanakwane, nsungwi zigone pansi kuti azingozidutsa, thabwa liyambire pansi lisanakwere pa njerwa imodzi, ndipo mgolo mutsekereze ndi miyala kuti usagubuduke. Kulumpha kwenikweni ndi kukhotakhota pa timitengo kudikire. Musamukankhire mumgolo. Ikani mphotho pakhomo pake, kenako mkati pang'ono, mpaka adutse mwa kufuna kwake.

Phindu la zopingazi limaoneka pa ntchito. Galu amazolowera kutsata dzanja lanu ali paliwiro, saopa ulalo wa mitengo popita kudimba, ndipo mphamvu zimene akanathera pa anapiye zimathera pa phunziro. Akadziwa zopinga ziwiri kapena zitatu pamalo a phee, ziikeni moyang'anana ndi khola, mutsatenso njira ija ya kuyambira patali.

Msinkhu wovuta

Pakati pa miyezi 6 ndi chaka, galu amene anali womvera amayamba kuchita ngati sanaphunzirepo. Kafukufuku amene anatsogolera Lucy Asher wa ku Newcastle University, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti agalu a miyezi 8 ankanyalanyaza lamulo la owasamalira lakuti akhale pansi kuposa mmene ankachitira pa miyezi 5, ndipo akamafika chaka ankakhalanso osavuta kuphunzitsa. Apa ndi pamene alimi ambiri amataya mtima n'kutenga ndodo. Ena amamangirira nkhuku yakufa m'khosi mwa galu. Chilango chobwera nkhuku itafa kale sichimuuza galu chimene walakwa. Chimene amatolapo ndi kuopa inu, ndipo amadzathamangitsa nkhuku inu mutachoka. Pa msinkhu umenewu bwezani chingwe chachitali, fupikitsani maphunziro, ndipo bwererani ku zophweka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Thanzi lisaiwalike

Galu wanjala kapena wodwala saphunzira. Nsima yokha siimukwanira, amafunanso zakudya zomanga thupi, ndipo agalu ena amagwira nkhuku chifukwa cha njala basi. Mupatseni mankhwala a njoka zam'mimba, mumuchotse nkhupakupa ndi nthata. Koposa zonse, alandire katemera wa chiwewe akakwana miyezi 3, ndi kubwereza monga momwe a zaziweto a m'dera lanu angakuuzireni. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, sichichizika. Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za kulimbana ndi matendawa, ndipo ndi nthawi yabwino yofunsa za katemera.

Kwa amene muli ndi kagalu pakhomo, mlungu uno yambani ndi ziwiri zokha: kukonza kampanda, ndi kuphunzitsa dzina m'nyumba kwa mphindi 3 m'mawa ndi madzulo. Lembani m'kabuku kanu ka pafamu tsiku, malo, mtunda wa pakati pa galu ndi nkhuku, ndi kangati wakhoza pa kasanu, monga mmene mumalembera mazira ndi kulemera kwa ziweto. Kabukuko ndi kamene kadzakuuzeni nthawi yosendera pafupi ndi khola. Mukadzabwera ku msonkhano wa ophunzira akale, mudzabwere nako kuti tidzaone pamodzi pamene mwafika.