Chamba cha m'tenti chimafuna mpweya woyenda

Chikhazikitsireni lamulo la 2020 lololeza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndilo limapereka ziphaso. Wolima popanda chiphaso akuphwanya lamulo.

Kwa mlimi wa ku Mulanje wolimira m'tenti, mdani wamkulu ndi chinyezi. Bomali limalandira mvula yambiri, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimabweretsa mpweya wonyowa. Masamba nawonso amatulutsa nthunzi. Mpweyawo ukangoima, maluwa amachita chuku n'kuola, ndalama zonse n'kulowa m'madzi.

N'chifukwa chake pamafunika fani yotulutsira mpweya wotentha chakumwamba, kazenera kolowetsera wina chakumunsi, ndi fani ina yopemerera mbewu. Magetsi akazima zonsezi zimaima, choncho jenereta kapena sola isasowe.