Ngongole inakukanikani? Dzina lanu mukhoza kulikonza

Mwina inu amene mukuwerenga tsamba lino muli ndi ngongole imene inakukanikani. Munabwereka ndalama kuti mugule feteleza, kapena kuti muode matemba ku nyanja ya Chilwa mukagulitse ku Cuamba. Kenako mvula ya namondwe Freddy mu 2023 inaononga munda, kapena ng'amba ya 2024 inaumitsa chimanga. Mwinanso kunyumba kunagwa matenda. Tsiku lobweza litafika, m'thumba munalibe kanthu. Lero mukufunanso mpamba, koma mukuopa kuti akakubwezani pakhomo.

Mantha amenewa ali ndi chifukwa chake. Bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, limene pa Chipwitikizi limatchedwa cooperativa de crédito ndipo anzathu a ku Malawi amati SACCO, ndi la mamembala okhaokha. Ndalama zimene limabwereketsa ndi zimene mamembala anzanu anasunga. Choncho a komiti akaona pempho lanu amadzifunsa kuti: kodi munthu uyu adzabweza?

Yankho amalifuna m'mabuku. Banco de Moçambique ili ndi kaundula wotchedwa Central de Registo de Crédito. Mabanki ndi mabungwe a ngongole ovomerezeka amatumizako mayina a anthu amene anabwereka, ndiponso amene anachedwa kubweza. Kusamuka ku Insaca kupita ku Entre Lagos sikufufuta dzina m'kaundulamo. Ngongole ya m'gulu la m'mudzi silembedwa kumeneko, koma ili m'kamwa mwa anthu. Amfumu akuidziwa, anzanu a kumpingo kapena kumzikiti akuidziwanso.

Tinene zoona apa. Kuyambira 2006 boma linkapereka ndalama zija za "7 milhões" m'maboma onse, ndipo anthu ambiri anaziona ngati mphatso, osabweza. Khalidwe limenelo lisakutsateni ku cooperativa. Kumeneko mukapanda kubweza, ndalama zimene zatayika ndi za mayi wogulitsa mandasi amene mumakhala naye pa benchi limodzi.

Ndiye muyambire pati? Bwererani kumene munasiya ngongole yakale. Ndikudziwa kuti ulendo umenewu ndi wochititsa manyazi, ndipo ambiri amakhota njira akaona msungichuma akubwera. Koma pitani nokha asanakuitaneni. Pemphani kuti akulembereni papepala ndalama zonse zimene zatsala. Auzeni zimene mungathe kupereka, kaya ndi 200 MT pamwezi, ndipo muzipereka pa tsiku limene mwagwirizana. Nthawi iliyonse mukapereka, tengani lisiti, recibo. Ngati mwalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, musafufute uthenga wa pa foni. Mukamaliza, pemphani kalata yonena kuti ngongole yatha. Zonsezi sungani m'pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi madontho a denga.

Pamene mukubweza, yambaninso kusunga. Magulu a poupança e crédito rotativo, amene ena amati banki m'khonde, ndi malo abwino oyambira. Anthu amakumana sabata iliyonse, ndalama zimalowa m'bokosi la maloko, ndipo makiyi amasunga anthu osiyanasiyana. Aliyense ali ndi kabuku kake. Mukasunga 50 MT sabata iliyonse kwa masabata 26, mudzakhala ndi 1.300 MT. Ndalamazo ndi zochepa, koma kabukuko kadzaonetsa masiku 26 amene simunajombe. Komiti imakhulupirira kabuku kotereka kuposa mawu okoma. Nthawi zambiri cooperativa imafuna kuti muyambe mwakhala membala ndi kusunga kwa miyezi ingapo, ndipo kukula kwa ngongole kumatengera zimene mwasunga.

Tsiku lopempha likafika, tengani BI yanu, NUIT ndi kalata ya kwa amfumu kapena a secretário yotsimikiza kumene mumakhala. NUIT ndi nambala ya manambala 9, ndipo imaperekedwa kwaulere ndi Autoridade Tributária. Funsaninso ngati bungwelo ndi lovomerezeka ndi Banco de Moçambique. Munthu wongofika ndi chikwama, n'kumati muyambe mwamupatsa ndalama kuti akufulumizireni ngongole, mutalikireni.

Za ngongole yakale musabise. Yambani ndinu kuitchula, kenako tulutsani malisiti aja. Akaitulukira okha inu mutabisa, nkhani yathera pomwepo. Ndipo pemphani zochepa. Amene analephera 20.000 MT asabwere ndi pempho la 50.000 MT. Pemphani 3.000 MT kapena 5.000 MT, munene chimene mukagule, kumene mukagulitse ndi mwezi umene ndalama zidzabwere. Ngati mukudalira nandolo kapena fodya, pemphani kuti masiku obweza agwirizane ndi nthawi ya msika, osati Januwale kapena Febuluwale pamene nkhokwe zili pululu.

Tsopano tibwere papepala losaina, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Lidzakhala m'Chipwitikizi. Mawu oti juros ndi chiwongoladzanja. Prazo ndi nthawi yobweza. Prestação ndi gawo limene mumapereka nthawi iliyonse. Juros de mora ndi chilango cha kuchedwa. Garantia ndi chikole, ndipo avalista ndi munthu wokuimirani, amene adzalipire ngati inu mwalephera. Musamuuze mlamu wanu kuti akungokhala mboni. Muuzeni zoona asanasaine.

Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Tiyerekeze mwabwereka 5.000 MT ndipo chiwongoladzanja ndi 10% pamwezi. Mwezi umodzi ndi 500 MT. Mukasunga ndalama zonsezo miyezi itatu, chiwongoladzanja ndi 1.500 MT, ndipo mudzabweza 6.500 MT. Kodi malonda anu adzabala phindu loposa 1.500 MT pa miyezi itatuyo? Ngati ayi, musatenge. Nthawi zonse funsani kuti 10% kapena 5% imeneyo ndi ya pamwezi kapena ya pachaka, ndipo akulembereni ndalama zonse zimene mudzabweze pomaliza.

Pa chikole, dziwani kuti lamulo la malo la 1997 limati malo ndi a Boma, sagulitsidwa ndipo saikidwa chikole. Wina akafuna munda wanu ngati chikole, akuswa lamulo. Njinga, mbuzi kapena makina osokera angaikidwe, koma musaike chinthu chimene banja limadyera musanakambirane ndi akunyumba. Ndipo musapite kwa akatapila kuti mutseke ngongole ya ku cooperativa. Chiwongoladzanja chawo chidzakumalizani ndi malata omwe.

Akhoza kukukanani ulendo woyamba. Musakwiye n'kutulutsa zonse zimene munasunga. Funsani mwaulemu kuti chasowa n'chiyani ndiponso mubwerenso liti, kenako lembani yankholo m'kope lanu pamodzi ndi tsiku. Akavomera, musasaine tsiku lomwelo ngati simunamve zonse, ndipo musadinde chala papepala lopanda manambala. Pemphani kope la pepalalo, mubwere nalo m'kalasi. Aphunzitsi anu adzaliwerenga nanu mzere ndi mzere.