Kodi mumadziwa? Khonje wokongoletsa pakhomo amaphuka kamodzi basi

Kodi mumadziwa kuti chomera chaminga chija chimene chimadzalidwa pamageti a mahotela ndi m'mayadi, chamasamba okhuthala otuwa, ena okhala ndi mzere wachikasu m'mbali, kwawo ndi ku Mexico? Ambiri timangoti khonje, ndipo sitilakwitsa kwenikweni chifukwa ndi mbale wake wa khonje wopota zingwe uja. Dzina lake la sayansi ndi Agave americana, ndipo analipereka ndi Carl Linnaeus mu 1753. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a zomera amachiika m'banja limodzi ndi katsitsumzukwa.

Kodi mumadziwa kuti Azungu anachinamizira? Anachipatsa dzina lotanthauza kuti chimatha zaka 100 chisanaphuke, pomwe nthawi zambiri chimangotenga zaka 10 mpaka 30. Zaka zonsezo chimakhala phee, chikusunga chakudya m'kati mwake. Tsiku lina pakati pake pamatumphuka mtengo wonga mlongoti umene umakula mooneka ndi maso, n'kufika mamita 8 kapena kuposa, pamwamba pake n'kuyala maluwa achikasu. Maluwawo akafota, make nayenso amauma. Ku yunivesite ya Michigan, ku America, chimodzi chimene anachitenga ku Mexico mu 1934 chinadikira mpaka 2014, ndipo mlongoti wake utafika kudenga la nyumba yagalasi imene chinkasungidwamo, anachita kuchotsa galasi limodzi kuti udutse.

Musadandaule kuti mbewu yatha. Chisanafe chimasiya ana ambirimbiri m'mbali mwa tsinde. Dulani mwana mmodzi ndi khasu kapena chikwanje, mumusiye pamthunzi masiku angapo kuti bala liume, kenako mudzale. Mukadzala tsiku lomwelo n'kuthirira, mwaitana kuola.

Kodi mumadziwa kuti chimapuma usiku? Masana timabowo ta m'masamba ake timatsekeka kuti madzi asathawe ndi dzuwa, ndipo timatseguka kukada, kukazizira. N'chifukwa chake mu Okutobala, kapinga atapserera, icho chimangoti njo ngati palibe chachitika. Chimene chimachipha kawirikawiri ndi chikondi cha mwini wake. Kuthirira m'mawa ndi madzulo ngati dimba la mpiru, kapena kuchidzala padothi la makande pamene madzi amadikha, kumaoletsa mizu. Chimafuna dzuwa lambiri ndi dothi la mchenga losakaniza ndi timiyala. Ngati ndi mumphika, pansi pake pakhale poboola, ndipo muzithirira dothi likauma gwa.

Mdani wake wina ndi kachilombo kakuda kamlomo wautali, mtundu wa nankafumbwe koma kokulirapo. Kamaboola patsinde n'kuikira mazira, mphutsi zake n'kumadya m'kati. Mukadzaona masamba am'munsi akunyala ndi kugwa, tsinde likununkha, zulani chonse mukataye kutali zisanalowerere kwa zinzake.

Kodi mumadziwa kuti madzi a m'masamba ake amayabwa ngati chitedze? Muli timakristo tosongoka tosaoneka ndi maso, ndipo khungu limatha kutuluka matuza. Podula valani magolovesi ndi malaya aatali manja, maso nawo muwateteze. Makina odulira othamanga aja amamwaza madziwa thupi lonse, bola mpeni wakuthwa.

Kwawo ku Mexico mtundu wa zomerazi ndi chuma. Mowa wa tequila amaufulula kuchokera kwa mbale wake wina, Agave tequilana, makamaka m'chigawo cha Jalisco, ndipo mileme ndi imene imanyamula mungu wa maluwa ake usiku. Khonje wa zingwe uja anafika m'dziko limene lero ndi Tanzania mu 1893, pamene Mjeremani wina, Richard Hindorf, anaitanitsa mbande 1,000 kuchokera ku Florida. Zinafika zamoyo zinali 62 zokha, koma n'zimene zinabala minda ikuluikulu ya khonje ya ku Tanzania.

Kanthu kakang'ono kamene mwagula m'chubu lero kadzatambalala mamita awiri kapena atatu, ndipo kunsonga kwa tsamba lililonse kuli munga wolimba ngati msomali, umene umakhala pa msinkhu wa diso la mwana. Chidzaleni kutali ndi njira komanso posewerera ana, ndipo ngati chili kale pafupi ndi khomo, tengani chodulira zikhadabo mudule nsonga za mingayo lero lomwe.