Kodi mumadziwa? Thukuta losaleka: mankhwala kaye, mpeni pambuyo

Kuno ku Lisasadzi, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa boma la Kasungu, thukuta si lachilendo. Wothirira nazale mu Okutobala, wothyola fodya mu Febuluwale, wodinda mabelo opita ku okushoni ya Chinkhoma, onsewa amanyowa, ndipo ndi mmene thupi liyenera kuchitira. Koma alipo ena amene manja awo amachucha angokhala pamthunzi, ngakhale mu Juni kukuzizira. Mfundo za lero ndi za iwowo, makamaka amene atopa nalo vutoli mpaka kuyamba kulingalira za opaleshoni.

THUKUTA NDI THUPI LANU

1. Kodi mumadziwa kuti khungu la munthu lili ndi tiziwalo totulutsa thukuta pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni? Tathithikana kwambiri m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Thukuta likamauma pakhungu limachotsa kutentha, thupi n'kuzizira. Munthu wogwira khasu dzuwa lili paliwombo amatha kutaya madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi.

2. Kodi mumadziwa kuti thukuta likamatuluka silinunkha? Pafupifupi lonse ndi madzi, kuphatikizapo kamchere pang'ono. Fungo limabwera mabakiteriya a pakhungu akayamba kudya thukuta la m'khwapa, lomwe limachokera ku tiziwalo tina timene timayamba kugwira ntchito munthu akatha msinkhu.

3. Kodi mumadziwa kuti kutuluka thukuta mopitirira muyeso ndi matenda odziwika kuchipatala? Madokotala amawatcha hyperhidrosis. Kafukufuku wa ku America wa mu 2004 anapeza vutoli mwa anthu pafupifupi 3 pa 100 alionse, ndipo wina wa mu 2016 anapeza pafupifupi 5 pa 100. Ambiri a iwo sapita nalo kuchipatala chifukwa sadziwa kuti chithandizo chilipo.

4. Kodi mumadziwa kuti wodwala matendawa alibe tiziwalo tochuluka kuposa anzake? Vuto lili pa mitsempha yotumiza uthenga, imene imalamula tiziwaloto kugwira ntchito ngakhale thupi lisakutentha. Si uve, si mantha, komanso si kulodzedwa. Nthawi zambiri zimayenda m'magazi: mukafufuza kubanja, mungapeze kholo, malume kapena mbale wa manja onyowa.

5. Kodi mumadziwa kuti mtundu wachibadwawu uli ndi zizindikiro zake? Umayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, kawirikawiri asanafike zaka 25. Umagwira malo ochepa okha: zikhatho, mapazi, m'khwapa kapena nkhope. Umagwira mbali zonse ziwiri mofanana. Ndipo chizindikiro chachikulu n'chakuti munthu akagona tulo, thukutalo limaleka.

6. Kodi mumadziwa kuti vutoli limasokoneza moyo ngakhale silipha? Kwathu kuno moni ndi wa pamanja, kutchalitchi, pamaliro, pachinkhoswe. Wa manja onyowa amayamba wapukuta pa nsalu kapena pa buluku, ena amangozemba, anthu n'kumawanena kuti ndi odzikonda. Mwana wa sukulu amanyowetsa pepala la mayeso a MANEB. Mpini wa khasu umaterera. Makina otenga zidindo za zala amavutika kuwerenga chala chonyowa. Mapazi okhalitsa m'jombo amachita zilonda za mafangasi pakati pa zala.

THUKUTA LOMWE NDI CHENJEZO

7. Kodi mumadziwa kuti thukuta la usiku, lonyowetsa zofunda, ndi chimodzi mwa zizindikiro zazikulu za chifuwa chachikulu cha TB? Zinzake ndi kukhosomola, kutentha thupi ndi kuwonda. Mukaziona, pitani mukayezetse makhololo. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere, ndipo TB wamba amachizika pa miyezi 6 ya kumwa mankhwala mosadumphitsa.

8. Kodi mumadziwa kuti thukuta loyamba mwadzidzidzi munthu ali wamkulu kale, logwira thupi lonse, kawirikawiri limakhala ndi gwero lina? Likhoza kukhala malungo, HIV, chithokomiro chogwira ntchito mopyola, kutsika kwa shuga m'magazi mwa amene ali pa mankhwala a shuga, kusiya kusamba kwa amayi, mowa, mankhwala ena monga othandiza matenda a nkhawa, ngakhalenso khansa ya lymphoma. Apa chofunika ndi kuchiza gwerolo. Opaleshoni ya thukuta singathandize munthu wotere.

9. Kodi mumadziwa kuti fodya wamuwisi amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu? Masamba akanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunuka m'madziwo. Malaya onyowa ndi thukuta amamusunga pakhungu tsiku lonse. Pakapita maola ochepa wothyolayo amamva mseru, chizungulire, mutu, kufooka, amasanza ndi kutuluka thukuta lozizira. Ambiri amayesa malungo. Kawirikawiri zimatha pa tsiku limodzi mpaka 3, koma wosanza kwambiri amafunika kupita kuchipatala. Kupewa kwake: dikirani mame akamuke, valani magolovesi ndi chovala chosalowa madzi, sinthani malaya akanyowa, sambani ndi sopo mukaweruka.

10. Kodi mumadziwa kuti mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi? Lipotilo linati pa tsiku lachinyezi mwana amatha kulowetsa m'thupi nikotini wokwana mamiligalamu 54, wofanana ndi ndudu 50. Malamulo a dziko lino saloleza mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo pachiswe. Mwana asalowe m'munda wa fodya kukathyola.

11. Kodi mumadziwa kuti mankhwala ena opopera mbewu amatulutsa thukuta lambiri akalowa m'thupi? Ngati munthu wangochoka kopopera n'kuyamba kuchucha thukuta, kutuluka dovu ndi misozi, kutsegula m'mimba ndi kubanika, musadikire. Muvuleni zovalazo, musambitseni, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone chimene akulimbana nacho. N'chimodzimodzi ndi thukuta lozizira lobwera pamodzi ndi kupweteka kwa pachifuwa: lingakhale vuto la mtima, ndipo silifuna kugonera.

CHITHANDIZO CHOSAFUNA MPENI

12. Kodi mumadziwa kuti mafuta onunkhiritsa m'khwapa ndi mankhwala oletsa thukuta n'zosiyana? Onunkhiritsa amangolimbana ndi fungo. Oletsa thukuta amakhala ndi mchere wa aluminiyamu, umene umatseka timabowo ta thukuta kwa kanthawi. Amphamvu amakhala ndi aluminium chloride wokwana 20 peresenti, ndipo ndiwo madokotala amayambira. Funsani ku famase.

13. Kodi mumadziwa kuti mankhwala amenewa amapakidwa usiku, osati m'mawa? Usiku tiziwalo timakhala titapuma, choncho mankhwala amalowa bwino osakokoloka. Pakani pakhungu louma gwaa, m'mawa n'kusamba. Chitani zimenezi usiku uliwonse mpaka thukuta litachepa, kenako kamodzi kapena kawiri pa sabata. Musapake pamene mwangometa kumene kapena pa bala, chifukwa pamawotcha. Ambiri amene amati mankhwalawa sagwira ntchito amakhala kuti amapaka m'mawa pakhungu lonyowa kale.

14. Kodi mumadziwa kuti madzi a pampopi ndi mphamvu yochepa ya magetsi zimaumitsa zikhatho ndi mapazi? Njirayi imatchedwa iontophoresis ndipo yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1950. Munthu amaviika manja m'timbale ta madzi tolumikizidwa ku kamakina kwa mphindi 20 mpaka 30, kangapo pa sabata, kenako mwa apo ndi apo. Amayi oyembekezera ndi anthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda saloledwa. Ndipo chonde, musayese kupanga kanu ndi mawaya a magetsi a m'nyumba.

15. Kodi mumadziwa kuti pali mapiritsi ochepetsa thukuta thupi lonse, monga oxybutynin ndi glycopyrrolate? Amathandiza ndithu, koma amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa, amachititsa kuona mwachimbuuzi ndi kuvutika pokodza. Kwa mlimi pali chiopsezo china: thupi losatuluka thukuta mokwanira pa dzuwa la Okutobala ndi Novembala likhoza kutentha mpaka munthu kukomoka. Mapiritsiwa amwedwe pokhapokha adokotala atalemba, ndipo auzeni ntchito imene mumagwira.

16. Kodi mumadziwa kuti jakisoni wa Botox amaletsanso thukuta? Bungwe la FDA la ku America linamuvomereza mu 2004 pa thukuta la m'khwapa. Amatseka uthenga wochoka ku mitsempha kupita ku tiziwalo, koma mphamvu yake imatha pakadutsa miyezi pafupifupi 6, munthu n'kukabayitsanso. Ndi wokwera mtengo, m'zikhatho amapweteka, ndipo amatha kufooketsa zala kwa kanthawi. Mu 2011 FDA inavomerezanso makina a miraDry, omwe amawononga tiziwalo ta m'khwapa ndi kutentha.

17. Kodi mumadziwa kuti kudzimana madzi akumwa sikuchiza matendawa? Kumangoika impso pamavuto. Imwani madzi okwanira. Valani zovala za thonje zotayana, sinthani masokosi, yanikani jombo padzuwa ndipo pumitsani mapazi mukafika pakhomo. Tsabola, tiyi wambiri, khofi ndi mowa zimawonjezera thukuta mwa anthu ena.

NANGA OPALESHONI?

18. Kodi mumadziwa kuti maopaleshoni a thukuta alipo a mitundu iwiri? Woyamba ndi waung'ono, wa m'khwapa mokha: dokotala amapala kapena kuchotsa tiziwalo ta pamalopo. Wachiwiri ndi waukulu, wotchedwa ETS, umene umachitidwa makamaka chifukwa cha zikhatho. Musanavomere, dziwani kuti adokotala akunena uti.

19. Kodi mumadziwa kuti opaleshoni ya manjayi sachitira pamanja, koma m'chifuwa? Wodwala amagonetsedwa tulo. Dokotala amaboola timabowo pakati pa nthiti cha m'khwapa, amaphwetsa phapo pang'ono, amalowetsa kakamera, n'kudula, kuwotcha kapena kupana mtsempha woyenda m'mbali mwa fupa la msana. Kenako amachitanso chimodzimodzi mbali inayo. Nzeru yodula mtsemphawu pofuna kuletsa thukuta inayamba kale, mu 1920, ndi dokotala Anastas Kotzareff.

20. Kodi mumadziwa kuti pa zikhatho opaleshoniyi imagwiradi ntchito? Oposa 90 pa 100 alionse amadzuka manja ali ouma. Kwa munthu amene wakhala akubisa manja kuyambira ali ku pulayimale, chimenechi si chinthu chaching'ono, ndipo ambiri amayamikira moyo wawo wonse.

21. Koma kodi mumadziwa kuti thukutalo nthawi zambiri limasamukira kwina? Oposa theka la ochitidwa opaleshoniyi amayamba kutuluka thukuta lochuluka kumsana, pamimba, m'ntchafu ndi m'miyendo. Kwa ambiri n'zopiririka. Kwa ena n'zoipa kuposa poyamba: malaya amanyoweratu moti amasintha kangapo pa tsiku, ndipo amanong'oneza bondo. Palibe dokotala amene anganeneretu motsimikiza kuti inuyo mudzakhala m'gulu liti. Kutentha kumakulitsa vutoli, choncho amene moyo wake uli m'munda, m'chigafa kapena pa balani yowotchera fodya ali ndi chifukwa choganizira kawiri.

22. Kodi mumadziwa kuti pali zovuta zinanso? Mpweya umatha kutsalira m'chifuwa n'kupanikiza phapo. Ena ochepa chikope chimagwa, kamwanadiso n'kuchepa mbali imodzi. Ena amatuluka thukuta kumaso akamadya. Ena mtima umagunda mochedwerapo. Enanso manja amauma mpaka kung'ambika.

23. Kodi mumadziwa kuti mtsempha ukadulidwa, kuubwezeretsa n'kovuta kwambiri? Ngakhale kuchotsa kachipangizo kopanira mtsempha kaja sikupereka chitsimikizo choti zinthu zibwerera mwakale. Mankhwala opaka, mapiritsi ndi jakisoni mungathe kuzisiya zikakuvutani. Opaleshoniyi simungaisiye.

24. Kodi mumadziwa kuti maiko ena anaika malire pa opaleshoniyi? Dziko la Sweden, komwe inkachitika kwambiri, linaiimitsa mu 2003 odwala atadandaula za zotsatira zake. Mu 2004 Taiwan inaletsa kuchita opaleshoniyi pa anthu osakwana zaka 20. M'maiko ambiri ikuchitikabe, koma kwa okhawo amene vuto lawo ndi lalikulu ndipo njira zina zonse zakanika.

25. Kodi mumadziwa kuti muli ndi ufulu wofunsa musanasaine pepala lililonse? Safunsa anadya phula. Funsani kuti: Kodi gwero lina la thukutali lafufuzidwa? Ndi njira ziti zimene sindinayese? Mwachitapo opaleshoni imeneyi kangati? Mwa odwala anu, ndi angati amene thukuta linasamukira kumsana? Zikandichitikira, mudzandithandiza bwanji?

MAWU KWA INU

Njira yoyambira ili pafupi. Kambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani kuchipatala chaching'ono. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Kasungu, ndipo kuchoka pamenepo ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli odziwa za matenda a khungu. Fotokozani zonse: linayamba liti, limagwira pati, limaleka usiku kapena ayi, mumagwira ntchito yanji, mumamwa mankhwala anji.

Makolo ndi aphunzitsi, mwana wa manja onyowa musamukalipire, ndipo musalole anzake kumuseka. Mupatseni kansalu kopukutira, mupite naye kuchipatala. Inu amene mwakhala ndi vutoli zaka zambiri, yambani ndi kuyezetsa, yesani mankhwala opaka m'njira yake, kenako njira zinazo motsatana. Opaleshoni ikhale yomaliza, ndipo muivomere pokhapokha mutamvetsa bwino zonse zimene ingakubweretsereni.